Msana wa Burko

Lolemba, 3 Novembala

Ndikuyankhula pang'onopang'ono kuti foniyi ilembe bwino, maso anatha. Mwana wanga Larysa, dokotala wa ziweto mumzinda wa Saskatoon, wabweranso. Kale ankabwera pa Khirisimasi pokha. Tsopano sabata iliyonse, ndipo moni amayambira kwa galu wanga Burko. Amamupinda phazi lakumbuyo n'kudikira kuti aliwongole. Lero Burko sanaliwongole.

Lachitatu, 5 Novembala

Ntchito yake ndimaidziwa, ku sitolo ndimauza aliyense. Agalu okalamba akafa, amatenga mtsempha wa mkati mwa msana, n'kuudula mopyapyala, n'kuuyang'ana pamakina. Akuti timaselo take timatha ndi ukalamba, totsala timadzaza zinyalala zachikasu. Mwana wanzeru, anatengera ine. Koma agalu amenewo amawapeza kuti?

Loweruka, 8 Novembala

Ndamumva Larysa ali pafoni pakhonde: "Ayi, sindinawauze. Si mukuwadziwa bambo?"

Ndauza Walt, mnzanga wa famu yoyandikana. Waseka mpaka kutsokomola. "Orest, akamaliza galuyo abwerera iweyo, nkhalamba."

"Akayambire kwa iwe, msana wako unafa kalekale."

Ine sindinaseke.

Lamulungu, 9 Novembala

Burko wagona kuchipinda kwanga. Chitseko ndakhoma.

Lachiwiri, 11 Novembala

M'mawa galimoto ya Larysa inali pamsewu, mwini wake osaoneka. Ndamupeza kuseri kwa nkhokwe za tirigu, ali m'dzenje lolekeza m'mawondo, fosholo kumanja.

"Ukutani pamalo panga?"

"Nthaka iuma gwa ndi chisanu sabata inoyi, bambo. Burko safika Epulo, pomwe nthaka imafewanso. Akafa mu Januwale mudzamuika pati?"

"Ndiye zimene sunandiuzezo?"

"Zomwezo. Sachira."

"Kuntchito kwako sukumufuna?"

Wapukuta mphuno ndi mkono wa jekete. "Ndikumufuna. Galu wokalamba chonchi sapezeka wamba. Koma ndi wanu."

Burko anali atanditsatira, akukhwekhwereza miyendo, n'kudzagona pamulu wa dothi lokumbidwalo.

"Chimene umachotsacho n'chachikulu bwanji?"

Wandionetsa chala chimodzi. "Zotsala zonse zimabwerera kwa mwini."

Sindinavomere, sindinakane. Ndangoti, "Tuluka, ukukumba ngati munthu wam'tauni, ngodya zonse zapotoka."

Watuluka. Pondipatsa fosholo wandigwira pachigongono kuti nditsikire m'dzenjemo. Ndamulola.