Ankhoswe a m'Kompyuta

Kawale 2,
Lilongwe.
9 Juni, 2024.

Okondedwa alamu anga a Rejoice,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Joniko pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana. Ife kuno tiliko, kungoti Juni wa chaka chino sakuseka ndi munthu. Mwana wanu Chisankho ali kalikiliki kukonzekera mayeso, ndipo watalika moti nsapato zanga akuvala ndi iyeyo. Juzi ija munamutumizira sakuivula, tikuchita kulimbirana kuti ichapidwe.

Mudabwa kuti ndalemba papepala ngati kale. Pafoni ndimayamba bwinobwino, koma ndikafika pa dzina la achimwene anu mawu amandithawa, inu n'kumangoti halo, halo, poganiza kuti ndi netiweki. Imelo nayo sindikuikhulupirira masiku ano, ndipo chifukwa chake muchimva. Ndiye kalatayi ndapatsira a Collins a pa basi aja kuti akusiyireni pamanja.

Mauthenga anu onse ndinalandira. Mukuti abale ku Dowa agwirizana kuti mukabwera mu Ogasiti timange chiliza cha achimwene anu a Greyson, kenako akuluakulu andisudzule, andiuze kuti ukwati unatha ndipo ndine mfulu. Mwakhala mukufunsa ngati ndakonzeka, ine zii. Ndamva kuti kumudzi ayamba kale kulankhula. Ena akuti ndikukakamira nyumba ino, ena akuti ndinakwiya ndi zina pamaliro. Palibe chimene ndinakwiya nacho, alamu. Nkhani yake ndi yoti sindingaifotokoze pamaso pa amalume anu, angandiyese wozungulira mutu. Koma inu ndi amene munkandibweretsera timakalata ta achimwene anu mutabisa mu kope tili pasukulu, ndiye inu ndikuuzani.

Mukukumbukira kuti chaka chimene anatisiya chija anagula foni yatsopano. Anzawo ku Biwi, kumene ankawotcherera zitsulo, anawauza kuti masiku ano mageti amagulitsidwa pa masamba a mchezo a pa intaneti. Analowa nawo tsamba lina, n'kumajambula chilichonse chotuluka m'manja mwawo. Tsiku lina Lamulungu titaweruka kutchalitchi, tili pakhonde, anandifunsa ngati sakufuna kanthu.

"Mayi a Chisankho, imelo yanu ija mumailemba bwanji?"

Ine imelo ndili nayo imodzi yokha, ya kuntchito, kusukulu ija ya ku Mchesi kumene ndine mlembi. Ndinawauza osaganiza kanthu. M'mawa mwake ndikutsegula kompyuta mu ofesi, ndinapeza kalata yochokera ku tsamba lija, ya m'Chingerezi, yonena kuti Greyson akupempha kuti mukhale mnzake. Pansi pake panali kachithunzi kawo, atakweza magalasi owotcherera pachipumi, akumwetulira ngati awina mpikisano. Ndinaseka ndekha mpaka mphunzitsi wina anasuzumira pakhomo.

Madzulo ake sanadikire n'komwe kuti ndikhazike chikwama pansi.

"Mwaiona kalata yanga?"

"Ndaiona. Mukundifunsira kachiwiri, abambo? Koyamba kaja ndinakuyankhani liti?"

"Munandizunza mpaka anthu anakolola kawiri."

"Ndiye dikiraninso. Mbeta siilola tsiku lomwelo."

"Palibe vuto," iwo anatero akuvula nsapato. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yodikira inu ndinaiphunzira kalekale."

Chimene tonse sitinkadziwa n'chakuti masamba amenewa satopa. Ukapanda kuyankha amakukumbutsa okha. Pakangopita masiku, kalata ina: Greyson akudikirabe yankho lanu. Ndinkafika kunyumba n'kuwanena kuti ndi munthu wokakamira, iwo n'kumakana kuti si iwo.

"Amenewo ndi ankhoswe anga," ankatero. "Akundimvera chisoni. Muziwalandira bwino, muziwapatsa mpando."

Dzina linakhala lomwelo. Ndikanena kuti ankhoswe anu anabweranso lero, ankafunsa kuti nanga mwawayankha chiyani, ine n'kuti ndawauza kuti ndikuganizabe. Anali masewera athu a anthu awiri, ngakhale Chisankho sankawamvetsa. Ndinali nditakonza zoti ndidzavomere pa tsiku lokumbukira ukwati wathu, ndidzaone nkhope yawo foni ikadzalira. Zina zonse mukuzidziwa. Anagwa kuntchito masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo pamene ine ndinkafika kuchipatala n'kuti atawafunditsa kale nsalu.

Uthenga wa maliro unafika paliponse, alamu. Unafika ku Dowa, unafika kwa inu ku Joni, unalengezedwa kutchalitchi. Ankhoswe a m'kompyuta okha ndi amene sanauzidwe. Nditabwerera kuntchito, nditavala zakuda, ndinapeza atabwera. Greyson akudikirabe yankho lanu. Ndinatseka chitseko cha ofesi n'kulira kulira kumene sindinalire ngakhale kumanda.

Koma pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuwayembekezera. Zovala zawo zinagawidwa, makina owotcherera anatenga ang'ono anu, nambala yawo ya foni inapatsidwa kwa munthu wina amene amayankha mwaukali. Chinatsala ndi ichi chokha: malo amodzi padziko pano pamene achimwene anu anali asanasiye kundifuna. Sindinkayankha, sindinkafufuta. Ndinkangoyang'ana kachithunziko n'kunena chamumtima kuti ndikuganizabe, abambo, kenako n'kuyamba kutayipa za sukulu. Ndiye mundiuze, ndikanavomera bwanji kuti andisudzule pamene mwini wake anali akufunsirabe?

Zinasintha mwezi wathawu. Ahedi athu anaphonya msonkhano wofunika wa za mayeso chifukwa kalata yowaitana inakwiririka pakati pa makalata a masamba a mchezowa. Aphunzitsi athu amalowa tsamba lililonse ndi imelo ya sukulu, ndiye tsiku ndi tsiku kumangobwera uje akukupemphani ubwenzi, uje akukuitanani. Ahedi anapsa mtima, ndipo sindikuwanena, anali ndi chifukwa. Analamula Zulaikha, mphunzitsi watsopano wa makompyuta, kuti atchere sefa pa imelo ya sukulu yonse, makalata onse otere azipita ku sipamu. Sipamu ndi dzala la makalata, alamu, kumene kompyuta imataya zosafunika. Ine ndi amene ndinatayipa chidziwitso chake n'kukachimata pa bolodi, osazindikira kuti ndikudzitchera ndekha.

Masiku anadutsa, ankhoswe osabwera. Ndinkatsegula m'mawa, ndinkatsegula masana, ndinkabwerera ndili kale pageti kuti ndikaonenso. Kunyumba ndinayamba kukalipira Chisankho pa zinthu zopanda mutu. Mapeto ake ndinachita manyazi pang'ono n'kumuitana Zulaikha.

"Pali kalata ina imene imabwera nthawi zonse, koma yasiya," ndinatero.

"Yochokera kuti, amayi?"

Ndinamuuza dzina la tsambalo. Anaseka pang'ono, mwaulemu ndithu, n'kutsegula dzala lija.

"Zimenezi ndiye zinyalala zenizeni. Onani, mwawina galimoto. Onani iyi, mankhwala a mphamvu za abambo. Iyi akuti muli ndi chuma cha masiye kunja. Nanga uyu Greyson, mukumudziwa? Ameneyu ndiye wolimbikira, eti."

"Ndi amuna anga," ndinatero. "Anamwalira chaka chatha."

Mtsikana uja anachotsa dzanja pa kompyuta ngati wagwira mbaula. Anapepesa mpaka ine ndi amene ndinayamba kumutonthoza. Sanalakwe kanthu, anabwera pasukulupo maliro atapita kale. Koma chimene chinandilasa si mawu ake. Ndi kuona dzina la achimwene anu lili pakati pa akuba ndi ogulitsa mankhwala abodza, munthu amene sanadyepo ngakhale kobiri la kasitomala, munthu amene ankasesa pamalo pake pa ntchito asanayatse makina. Anali atagona padzala, ndipo ine osadziwa.

Ndinafunsa ngati angawatulutsemo. Anati akhoza kutulutsa imene ilipoyo, koma yotsatira idzagweranso momwemo, poti sefayo ndi ya sukulu yonse ndipo ndi lamulo la ahedi. Anandiuzanso kuti dzalalo limadzikhuthula lokha pakapita kanthawi. Kenako ananena china motsitsa mawu.

"Amayi, ndisakubisireni. Masambawa akaona kuti munthu sakulowa nthawi yaitali, amatseka okha. Tsiku lina makalatawa adzangosiya, popanda wokuuzani."

"Nanga ndikavomera?"

"Mukavomera asiya lero lomwe. Amene walandiridwa sapemphanso."

Ndinayenda wapansi kuchoka ku Mchesi mpaka ku Kawale tsiku limenelo, minibasi zikundiimbira hutala ine osamva. Kulikonse kumene ndikanalowera, ankhoswe anali oti asiya kubwera. Kusiyana kwake kunali kumodzi: asiye nditawayankha, kapena asiye atatopa padzala, achimwene anu n'kupita osamva yankho langa. Ndinakumbukira amayi anu, mmene ankatinenera tikamachedwa kukatunga madzi, kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndinaopa, alamu. Ndinaopa kuposa mmene ndimaopera kukhala ndekha m'nyumba muno.

Lachisanu lapitali, ana ataweruka, Zulaikha anandithandiza kutsegula dzina langa pa tsambalo. Anandijambula pomwepo mu ofesi, ndipo ndinayamba ndakonza duku, musandiseke. Atatha anandionetsa pofunika kudina, n'kunena kuti akukamwa madzi. Kumadziko sanabwereko msanga, ndipo ndinamuthokoza mumtima.

Ndinadina. Tsamba lawo linatseguka, ndipo munalibe zodabwitsa. Mageti okhaokha, mawindo, zitseko zachitsulo, mbaula za makala zondandalikidwa m'mbali mwa msewu wa ku Biwi. Chakumapeto kunali geti lathu lino la ku Kawale, lopakidwa penti mbali imodzi, chitenje changa chili choyanikidwa pamwamba pake, chimene ankandiletsa tsiku ndi tsiku kuti chiwononga penti. Getilo mpaka lero lili choncho, mbali imodzi yobiriwira, ina ya dzimbiri. Kenako panatuluka mawu akuti inu ndi Greyson tsopano ndinu abwenzi, mpatseni moni mnzanu watsopano.

Ndinalemba kuti: Ndalola, bambo a Chisankho. Mwadikira mokwanira.

Ndiye auzeni amalume ndi onse ku Dowa kuti mu Ogasiti ndidzabwera, ndipo mwambo uchitike monga mwa dongosolo lake. Sindikulonjeza kuti sindidzalira, komanso asayambe kundisakira munthu, ndawamva kale ena akutchulatchula maina. Pobwera mundigulireko kachitini ka penti yobiriwira, ya zitsulo, akuti ya kumeneko siisuluka msanga. Ndikufuna ine ndi inu tidzamalize geti lija tisananyamuke ulendo wa kumudzi.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba, muwauze kuti mankhwala a miyendo aja anathandiza amayi anga. Moni kwa Pemphani ndi Thandie, azilimbikira sukulu, asaiwale Chichewa. Chisankho akuti moni wambiri, ndipo akuti juzi ina ikhale yofiira. Amayi a kuseri kuno ndi amvano onse akupereka moni.

Kwa achimwene anu musavutike, moni ndinapereka ndekha. Mawa ndi Lolemba, ndikatsegula kompyuta monga mwa masiku onse, ndipo ndikudziwa kuti ankhoswe sabweranso, ntchito yawo anaimaliza. Iwo anandidikira kawiri osadandaula. Tsopano odikira ndine.

Ndine mlamu wanu, ngakhale atandisudzula,

Ennie.