Dothi la Pansi pa Mtengo wa Amayi

Otahuhu, Okalani

Okondedwa achemwali anga a Fusi,

Ndikulonjerani m'dzina la Ambuye. Kodi muli bwanji kumeneko ku Ha'apai, inu ndi alamu anga ndi ana? Bondo lija linasiya kutupa? Ife kuno tilipo. Khanda lathu Heilala layamba kuseka, ndipo tsitsi lake ndi lambiri ngati la malemu amayi. Bambo ake, a Sitani, akugwirabe ntchito kufakitale ya nyama. Kuno kukuzizira, makoma a nyumba achita nkhungu, mwana anadwala chifuwa koma wachira.

Mundikhululukire kalembedwe kanga. Mukudziwa kuti sukulu sindinapite nayo patali, koma pafoni ndikanangolira osanena kanthu, n'chifukwa chake ndalemba.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi tinakhala m'holo kudya. A Kalisi, mayi wa ku Lifuka amene amatsogolera nyimbo uja, anabwera chothamanga foni ili m'manja, akukuwa kuti, "Iwe wamanyazi iwe, bwera udzaone mlongo wako Lopeti pa kanema! Wamanga mphasa yatsopano ya ulemu m'chiuno, akuyankhula ngati nduna ya boma!" Amayi onse anandizungulira. Inali nkhani yoti anthu a ku yunivesite akumba pamalo pathu, ndipo apeza mapale a miphika ya makolo amene anayamba kufika pazilumba zathu pa mabwato, mapale okongola, a timizere todindadinda. Anthu anawomba m'manja. Wina anati kuyambira lero azindigwadira, ndipo mbale zakuda azitsuka okha. Nanenso poyamba ndinasangalala.

Kenako wojambulayo anatembenuka. Ndinaona khitchini yathu ndi thanki ya madzi, koma pamene panali mtengo wa mei wa amayi, wa zipatso zazikulu zophika uja, panali dzenje lamakona anayi lozunguliridwa ndi zingwe. Chitsa chinali pambali, mizu m'mwamba. Ndinaonanso inu, achemwali, mutavala diresi labuluu ndinakutumizirani lija, mukugawira alendowo zilazi.

Ndinanyamula mwana n'kukadzitsekera kuchimbudzi mpaka anthu anabalalika.

Pansi pa mtengo umenewo amayi anakwirira michombo yathu tonse: wa achimwene a Lopeti, wanu, wanga, ndi wa Tomasi amene anamira panyanja osapezeka. Mchombowo ndi chokhacho cha Tomasi chimene tinatsala nacho. Tsiku limene ndinkanyamuka, padoko paja, inu ndi amene munandigwira dzanja n'kundilonjeza kuti mchombo wa mwana wanga woyamba udzagona pambali pa wanga. Mwezi wathawu ndinakufunsani pafoni ngati mei wabereka. Munati wabereka mpaka nkhumba zatopa nazo zipatso. A Kalisi akuti kukumbako kunayamba Isitala isanafike. Ndiye nkhumba zimenezo zinkadya chiyani, achemwali?

Alendowo sindikuwada. M'kanemamo mayi wina wa iwo ananena kuti anafunsa banja ngati pali malo oti asakhudze, ndipo anayankhidwa kuti palibe. Ndikudziwa kuti malo ndi a achimwene, ine ndine mkazi, ndilibe gawo. Ndiponso za mchombo sindingazitchule kwa mlongo wanga, mwambo sulola. Koma inu? Mukanangoti kwa mayi ujayo, pano pokha ayi, bwenzi atasuntha chingwe chake. Mukanalephera, mukanandiuza ine. Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndamva kwa anthu a m'holo, akuseka, pakamwa podzaza chakudya.

Mchombo wa Heilala ndinaukulunga m'kanyanda, uli m'chitini cha tiyi pamwamba pa kabati. Apongozi anga akubwerera kwawo ku Vava'u mwezi uno ukatha, ndipo akuufuna. Akuti mchombo wa mdzukulu wawo si shuga woti uzikhala m'chitini, mwanayo adzakula wosakhazikika. Dzulo anawonjezera kuti ku Vava'u kudakali mitengo imene eni ake sanaigulitse kuti aoneke pa kanema. Ananena a Sitani ali pomwepo, iwo n'kungoyang'ana pansi. Miyezi yonseyi ndinkawakaniza mwaulemu, ndikumati kwathu kuli malo okonzedwa kale.

Pempho langa ndi limodzi. Ndinaona anyamata akusefa dothi n'kumaliunjika milumilu kuseri kwa khitchini. Chonde pitani mukafunse mayi wa ku yunivesite uja kuti dothi limene linachoka pansi pa mizu analiika pati. Anthu amenewo ndinaona kuti amasamala, akhoza kudziwa. Mukatapeko dengu limodzi, muliike m'nyumba pamene nkhumba sizingafike. Ndikudziwa kuti michombo inasanduka dothi kalekale, koma dothilo ndi ife.

Musakatape paliponse n'kundiuza kuti ndi lomwelo. Ine ndidzakhulupirira, poti zonse zimene mumanena ndakhala ndikukhulupirira chibadwire. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musatero.

Ngati dothilo lilipo, ndidzabwera pa Khirisimasi ndi mwana, tidzadzale mtengo wina. Ngati analitaya kapena linasakanikirana ndi lina, ndiuzeni zoona. Ndidzatsitsa chitinicho n'kuwapatsa apongozi ndi manja awiri, ndipo Heilala adzakhala wa ku Vava'u. Akadzakula n'kufunsa kwawo kwa amayi ake, ndidzamuonetsa mapale pa kanema ngati mlendo wina aliyense.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Luseane, muwauze kuti mankhwala a maso ndidzatumiza ndi munthu. Moni kwa amalume a Paula, kwa alamu anga, kwa ana onse, ndi kwa amayi a gulu lathu loluka mphasa. Kwa achimwene ndayesa kulemba mawu, ndafufuta, ndayesanso, ndafufuta. Muwauze chabe kuti ndinawaona.

Yankhani apongozi asananyamuke.

Ndine mng'ono wanu,
Hingano