Udzu Wobwera m'Bulangete

Lachinayi, Epulo 1958. Tsiku lonyansa.

Ndakhalira kuzula udzu wachilendo uja kuseri kwa nyumba. Umayala pansi, ngala zake zodzaza timipira taminga, kalikonse kobisa mbewu m'kati. Timamata paliponse. Mwana wanga Tisa akutsimphina, phazi latupa.

Dzulo ndinakalipira alamu anga pamaso pa anthu, kuti mbuzi zawo ndizo zinaubweretsa kuno ku Sinda. Lero amake Tisa andifunsa mofatsa: "Kodi bulangete lanu lija munalikutumulira pati mutabwera kuchokera ku Halale?"

Ndinalikutumulira pomwepo, kuseri kwa nyumba. Zaka zitatu ndikugwira ntchito m'mapulazi a azungu, chimene ndinabweretsera ana anga ndi minga basi!

Mawa kwa alamu, kaya ndikayamba ndi mawu ati...