Mipata ya pa Kaseti Yathu

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Kabwata tilipo, kungoti tilipo. Mng'ono wanga Tisa anachira ku Chelstone, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Chimanga chanu cha kuseri kwa nyumba chinapsa ndi dzuwa chisanabereke. Achimwene anawachotsa ntchito kampani yawo itagulitsidwa, masiku ano amangokhala pakhonde.

Kampani yomweyo ndi imene inkathandiza gulu lathu loimba, ndiye thandizo lija linathera pomwepo. Mukukumbukira opera yoseketsa ija, sewero loimba la azungu akalekale, imene ine ndinali wantchito wa m'nyumba wopusitsa bwana wake wokalamba? Ba Mwape, mtsogoleri wathu, anati tiijambule pa kaseti, mwina olemera a ku Kabulonga angaimve n'kutithandiza. Kupanda apo gulu litha. Tinalowa mu situdiyo ku Woodlands mwezi womwe tinakuikani m'manda.

Kaseti inatuluka, ndipo munthu wina wolemba za nyimbo m'nyuzipepala anaimvetsera. Anzanga anawayamikira pang'ono. Za ine analemba kuti mawu ndili nawo, koma ndimaima pakati pa nyimbo ngati ndaiwala choimba, ndipo sewero loseketsa ndalisandutsa maliro. A wailesi atawerenga zimenezo sanaiike n'komwe. Ngakhale anyamata a ku City Market, amene amakopera mwakuba kaseti iliyonse, yathuyi sanaifune. Amayi, kukanidwa ndi akuba omwe kumawawa.

Chondipweteka n'chakuti munthuyo sananame. Ndimaimadi. Koma iye sanakuoneni inu mu holo. Munkakhala kutsogolo, chitenje pamapewa. Chizungu cha m'nyimbo simunkachimva bwino, koma bwana uja akangotembenuka ine n'kutsanzira kayendedwe kake, munkaphulika kuseka mpaka misozi, holo yonse n'kukutsatirani. Tikamabwerera kunyumba munkandiuza kuti, "Iwe Nelia, osathamanga. Lekela bantu baseke, ndiye chamene babwelela." Choncho ndinazolowera kukudikirani kuti mumalize. Mu situdiyo munalibe anthu, munali makoma ndi kanyali kofiira basi. Ndikafika pamalo panu paja ndinkaima, khutu lili tcheru. Woimba piyano naye ankandidikira, ndipo palibe anandifunsa kanthu.

Dzulo ba Mwape anabwera kunyumba. Akuti tibwerere ku situdiyo ndikaimbenso mbali zanga zonse mosaima, mipata ija ichoke. Ndavomera, chifukwa gulu si langa ndekha. Koma ndisakunamizeni, sindikukhulupirira kuti zithandiza. Ena mwa oimba ayamba kale kugulitsa salaula, zovala zakale zija, woimba piyano akufuna ntchito ku Botswana. Ine nane ndikayesa kuimba posamba, ndimangolekeza panjira. Sindikudziwa ngati ndidzaseketsanso munthu, Amayi. Mwina chiyambire woseketsa anthu munali inu, ine ndinkangoima kutsogolo.

Kaseti yatsopanoyo idzakhala yosalala monga afunira a nyuzipepala, ndipo inu simudzakhalamo. Yakaleyi ndaikulunga m'chitenje chanu chija. Ndikukulonjezani kuti sindidzaitaya. Mwana wa Tisa akadzakula ndidzamuyatsira, ndipo nyimbo ikadzangoti zii, ndidzamuuza kuti amvetsere bwino, apa ndi pamene agogo ake ankaseka.

Ndimakukondani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Nelia