Kamera Yanga Yapita ndi Funde

Amayi, kodi kumene muliko mukupeza bwanji?

Ine kuno ku Cape Town mtima sukukhala m'malo, koma ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu Asiyatu anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe ija. Ku Machinga achemwali akuti mpunga wachita bwino, kungoti chitisiyireni inu khitchini yanu ilibe woisamala, denga linagwa ndi mvula.

Ntchito ndikadali pa yosamala maluwa ija ku Hout Bay. Abwana anandipatsa kamera yawo yakale, ndiye Lamulungu lililonse ndimatsikira kumiyala kukajambula mafunde. Amayi, nyanja ya kuno siseka ndi munthu. Funde limabwera lalitali ngati nyumba, n'kudzimenyetsa pathanthwe mpaka pansi kunjenjemera. Koma ndikati ndidine, pena ndafulumira, pena ndachedwa. Chotuluka ndi thovu lokhalokha, ngati wina wataya madzi ochapira. Nditatumiza zithunzi zingapo kumudzi, achemwali anayankha kuti miyala ndi kwathu komwe iliko, ndizitumiza nkhope za anthu. Zinandiwawa.

Sabata yatha mphepo inakula, ine ndinati lero ndi lero. Ndinakwera thanthwe loterera, diso lili pakamera. Paja munkandinena kuti ndikaona chinthu ndimaiwala pamene ndaponda. Funde linadzera cham'mbali n'kundigwetsa chagada. Podzuka, bondo likuchucha magazi, kamera palibe. Ndinapisa manja m'ming'alu monse mpaka zala kuuma ndi kuzizira, koma ayi ndithu.

Momwemo munali zithunzi za mwanayu, za tsiku lobadwa ndi za tsiku lomumeta tsitsi. Ndinali ndisanazitsukitse. Abambo akuzidikirabe kumudzi, pamene maso awo akunka nafooka. Asiyatu sanandikalipire. Anangonditsuka bala n'kutembenukira kukhoma. Bola akanandilalatira.

Chimene chikundidya kwambiri sindinauze munthu. Ndisanagwe, kutsogolo kwanga kunadzuka funde lokongola kuposa onse, dzuwa likuwala mkati mwake, ndipo ndinadina pa nthawi yake yeniyeni. Kamodzi kokhako! Chithunzicho chili pansi pa nyanja.

Zoti ndasiya kujambula sindinganene, mungandigwire bodza. Koma ndikulonjeza kuti sindidzakweranso thanthwe lonyowa. Sindikufuna kuti mdzukulu wanuyu adzaphunzire kulemba pondilembera kalata ngati ino.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani.

Ndine mwana wanu,
Yusufu