Ine Ndinangoseka, Koma Unaisi Wasiya Sukulu

Aphungu,

Ndatopa. Ndine mnyamata wa zaka 17, ndipo kwa masabata atatu mutu wanga sukugwira.

Timu yathu ya ragibi kusukulu ili ndi gulu pa foni, anyamata 23. Mnzanga Kitione, yemwe tinakulira limodzi tikusolola nzimbe pa sitima yopita kufakitale, anaponyamo chithunzi chachinsinsi cha chibwenzi chake, Unaisi. Mtsikanayo anatumizira iye yekha. Ine sindinachitumize kwa aliyense, koma ndinaikapo kankhope koseka ngati anzanga onse.

Pofika Lolemba chinali chitafika mpaka kukwaya ya kutchalitchi kwawo. Unaisi wasiya kubwera kusukulu. Loweruka ndinamupeza kumsika akugulitsa chinangwa ndi mayi ake. Unaisi anangoti, "Iwenso unaseka eti? Dzina lako ndinaliona."

Nditamufunsa Kitione anati, "Aise, anatumiza yekha. Ndinamugwira dzanja ine? Wasanduka m'busa liti?" Anyamata apangana kuti aphunzitsi akafunsa, tonse sitikudziwa kanthu. Mpikisano wayandikira, ndipo popanda Kitione sitingapambane. Ndikaulula andisala onse. Ndikakhala chete chakudya sichikutsika kukhosi. Nditani?

T.R., Lautoka

Mwanawe T.R.,

Makalata otere andikwana chaka chino, ndipo nanenso andilemetsa. Koma ambiri amalemba ndi atsikana olira. Wako ndi woyamba kuchokera kwa woseka, ndiye tiye tikambe.

Kitione akudzinamiza. Unaisi analola maso a munthu mmodzi, osati a timu yonse. Iwenso usabisale kumbuyo kwa mawu akuti "ndinangoseka". Kuseka kwanuko n'kumene kunamuuza Kitione kuti wachita zachamuna.

Lero lomwe lemba pa pepala tsiku limene chinaponyedwa ndi amene anaponya, kenako chifufute mufoni mwako. Usachitumize kwa wina, ngakhale ngati umboni, chifukwa kufalitsa chithunzi chotere cha mwana ndi mlandu waukulu. Ukatero kapepese kwa Unaisi, mwachidule, popanda "koma". Umuuze kuti ukufuna kukanena, ndipo umufunse mphunzitsi amene iye amamukhulupirira. Nkhaniyi ndi yake, asaimvere kwa anthu kachiwiri. Kwa mphunzitsiyo ukayambe ndi kulakwa kwako.

Kitione umuuze pamaso kuti sunama pofuna kumuteteza. Akakwiya, akwiye. N'kutheka kuti m'gulumo muli ena awiri atatu amene chakudya sichikutsikanso, akungodikira woyamba kuyankhula.

Chenjezo langa ndi ili: usakalembe za nkhaniyi pa intaneti kuti anthu akuone kuti ndiwe wabwino, ungomuvulazanso. Ndipo usapite kumsikako ukuyembekezera "zikomo". Mwina Unaisi sadzakuyankhulanso mpaka kalekale, ndipo ndi ufulu wake. Pitabe.

Aphungu