Mphodza za Modester ndi Keni Yanga

Lolemba, 15 Julaye

Akulemba ndi Yoram, mng'ono wanga. Ine dzanja silinazolowere cholembera. Lemba momwe ndikunenera, usakometse.

Mphodza zachilendo za mwana wanga Modester zikufa kudimba. Si mphodza zathu zija. Izi njere zake n'zaphwatalala ngati batani la malaya, masamba ang'onoang'ono ngati a bwemba, msinkhu wosafika m'bondo. Mbewu anaipeza kusukulu ya zaulimi, ya m'manja muwiri basi, ina palibe. Pobwerera kuntchito ku Mzimba anati, "Adada, izi zimakonda kuzizira, madzi ambiri ayi. Musamathirire." Ndinati yewo.

Koma ine ndalima dimba kuno ku Champhira iye asanabadwe. Mbewu ya m'dimba osaithirira? Ndakhala ndikuzipatsa madzi m'mawa uliwonse, ngati repu.

Lachitatu, 17 Julaye

Ndazula imodzi. Mizu yada, yawola, ikununkha.

Lachinayi, 18 Julaye

Modester waimba foni. "Mphodza zanga zili bwanji, adada?" Ndati zili makora chomene. Pakamwa panga pomwe pano. Akuti afika Loweruka, ndipo walonjeza amayi a m'gulu lake la zaulimi kuti adzawagawira mbewu.

Yoram akuti, "Akulu, mungonena kuti ndi chisanu, chaka chino chawotcha anthu ambiri." Lemba kuti nzeru imeneyo ndi yako. Lembanso kuti sindinaikane.

Lachisanu, 19 Julaye

Kudimba sindinapite.

Loweruka, 20 Julaye

Wafika. Wanjuta pakati pa mizere, wafinya dothi, madzi n'kutuluka m'zala. Wayang'ana keni yanga yothirira. Bola akanandikalipira.

Yoram wayamba, "Chisanu cha chaka chino..." Ndamudula, n'kutembenukira kwa Modester. "Si chisanu, mama. Ndine."

Wanyamuka, wakwera kumtunda kwa dimba, pachulu paja pomwe bondo langa limakana kukwera nditanyamula keni. Kenako ndamva, "Adada! Bwerani!"

Mzere umodzi wobiriwira, timaluwa toyera, pansi timakoko kale. Waswa kamodzi. Njere ziwiri, zanthete. Waziika m'dzanja langa.

"Izi bwanji simunazithirire?"

"Bondo."

Waseka, misozi ili m'masaya. "Mbwenu bondo lanu limamva kuposa inu."

Keni wapita nayo ku Mzimba. Njere ziwiri zija zili m'thumba la malaya anga.